Agiriki, Mazira ndi Nyumba ya Malata

LOLEMBA

Kope latsopano, munthu watsopano. Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, ana ataweruka. Dzuwa la ku Lirangwe mwezi uno silikuseka ndi munthu. Nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Nkhani ili apa. Sukulu yathu ilibe hedimasitala kuyambira chaka chatha, tsiku limene galimoto ina inaima pabwalo n'kuwatenga a Nakoma choko chili m'manja. Za zimenezi sitikamba. Timangoti anachoka. Nyumba yawo ikadali yokhoma: malata, simenti pansi, mawindo anayi agalasi. Loweruka masana komiti ya sukulu ikhala pansi pamodzi ndi a Insipekita kusankha wolowa m'nyumbamo. Tikulimbirana awiri, ine wa Sitandade 7 ndi a Likoswe a Sitandade 8, amene akugwirizira mpandowo ndipo ayamba kale kuyenda manja ali kumbuyo.

Chida changa ndi Agiriki. Aliyense akudziwa kuti Eni Dziko (dzina lawo sindilemba muno, makope amasochera) amakonda kunena pa wailesi kuti munthu wosadziwa za Agiriki sanaphunzire. Mwezi watha a Insipekita atabwereza mawu amenewa mu ofesi, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati ndakatulo yaikulu ya nkhondo ya Agiriki ija ndinaiwerenga kalekale m'Chingerezi, kawiri konse. "Kawiri" ameneyu sindikudziwa kumene anachokera. A Insipekita anandigwira chanza. "Ndiye Loweruka la komiti mudzatifotokozere kwa mphindi khumi, anthu amve kuti kumudzi kulinso mitu." A Likoswe anangoyang'ana kudenga.

Bukulo lilipo. Ndinalipeza m'kabati ya mu ofesi, pansi pa marejisitala odyedwa ndi chiswe. Kunenepa kwake ngati njerwa. Magawo 24.

Dongosolo:
Lolemba mpaka Lachinayi, magawo asanu patsiku.
Lachisanu anayi, kenako kubwereza.
Bawo ayi.
Tiirumu ayi.
Kugona masana ayi.
Zonse kusanade, poti palafini kugolosale kulibe.

Vuto loyamba ndi chikuto. Ajambulapo amuna a tsitsi lofika m'mapewa, atavala timasiketi tosafika ndi m'mawondo momwe. Mmodzi wavala chipewa chachitsulo basi. Dziko lino, limene mzungu wa tsitsi lalitali amametedwa pa Chileka asanaone n'komwe Blantyre! Ndalikuta ndi pepala la thumba la simenti. Tsopano likuoneka ngati rejisitala.

Vuto lachiwiri lili patsamba loyamba. Pali dzina la a Nakoma, inki yabuluu, zilembo zawo zopendekeka zija. Ndamatapo pepala lomwelo ndi phala.

Ndikuyamba. Ndakatulo isanayambe pali mawu otsogolera a pulofesa wina, masamba 40. Akuti mlembi mwina anali wakhungu, mwina anali anthu ambiri, mwinanso kunalibe. Anali ochenjera Agiriki: buku lopanda mlembi, wokamangidwa palibe. Dikishonale ndaitsegula ka 19. Dzuwa lalowa ndikadali kwa pulofesa.

Magawo owerengedwa: ziro. Koma maziko ndayala.

Kunyumba amake Joyisi akana kugula udzu wofolerera chaka chino. "Udzu wa chani, si tikusamuka?" Mawindo a nyumba ija anayeza kale ndi chingwe, chakunja. Denga lathu likuonetsa thambo pamalo atatu, ndipo mvula ili pakhomo.

LACHIWIRI

Lero magawo khumi. N'zotheka.

Sizikutheka. Teni koloko a Likoswe asonkhanitsa sukulu yonse padzuwa. Loweruka m'mawa Eni Dziko akutera pa Chileka kuchokera kunja, ndipo tonse tikupita kukawalandira. Mwana aliyense abweretse dzira limodzi la mphatso. Masana onse sabata ino ndi ophunzira nyimbo. "Mazirawo asunge ndi aphunzitsi athu a Chigiriki," akutero a Likoswe akumwetulira. "Pakufunika munthu wa mutu."

Folo koloko, mawu atandithera ndi nyimbo, ndafika pansi pa mango. Gawo loyamba, tsamba 41.

Mayina awo ndi othyola lilime, ndiye ndawapatsa anga. Pali a Mfumu, mkulu wa gulu lonse. Pali a Nyanyalani, katswiri wa nkhondo. Anthu awa anawoloka nyanja kukalanda mkazi wa mwini amene anathawitsidwa, ndipo akhala kunja kwa mpanda wa adani zaka zisanu ndi zinayi. Zaka naini, mkazi mmodzi! Kwathu kuno ankhoswe akanaithetsa nkhaniyi Loweruka limodzi, ndi mbuzi imodzi.

Tsono m'malo momenyana ndi adaniwo akukangana okhaokha, za mkazi winanso. A Nyanyalani akuwauza a Mfumu pamaso pa gulu kuti ndi adyera: ankhondo ndiwo amafa, a Mfumuwo amangokhala pamthunzi kulandira mphatso, zonona zonse n'zawo. Atatero akupita kukakhala m'msasa mwawo, nkhondo ainyanyala. Ndikudikira galimoto. Siikubwera. Ndabwereza tsambalo poganiza kuti ndadumpha mzere. Galimoto palibe ndithu.

Zina zimene ndaona:
Milungu yawo ndi yambiri, ndipo imakangana ngati komiti ya tchalitchi chathu pa nkhani ya mabenchi.
Munthu satchulidwa yekha, amabwera ndi bambo ake ndi agogo ake, ngati pa mwambo wa maliro.
Akapsa mtima amapha ng'ombe. Akakondwa amapha ng'ombe. Mlembi wosakhalapoyo amafotokoza kaotchedwe kake mpaka mafuta kudontha. Ife lero ndi nandolo wadzulo.

Cha m'ma faifi akudutsa a Nakoma aakulu, bambo awo a hedimasitala athu aja. Sabata iliyonse amachokera kumudzi kwawo cha ku Chileka, akukankha njinga yokalamba ngati eni ake, nkhuku itamangidwa pakaliyala. Amapita kwa a Tcheyamani a chipani kukafunsa kumene kuli mwana wawo. Nkhuku imatsala, yankho silituluka. Lero kaliyala ilinso yopanda kanthu.

"Atanganidwa ndi za Loweruka," akutero mkuluyo. "Akuti ndibwere Lamulungu. Ana akuphunzira, aphunzitsi?"

Ndikuti akuphunzira, abambo. Buku ndalikhalira. Ndakhala choncho mpaka awoloka njanji, ndipo ndikuchita manyazi ndi mmene ndalibisira mwachangu.

Magawo owerengedwa: limodzi.

LACHITATU

Dongosolo latsopano: asanu ndi atatu lero, asanu ndi atatu mawa, asanu ndi awiri Lachisanu. Munthu wolimba mtima sabwerera m'mbuyo.

Mazira ayamba kufika. Ali m'dengu la gaga kumbuyo kwa kalasi langa, pansi pa malata otentha ngati chiwaya. Ena ndi ankhanga. Limodzi ndikulikayikira kuti ndi lowiritsa. Mayi wina wabwera yekha kudzadandaula kuti nkhuku zake zinatha ndi chitopa. A Likoswe amuuza kuti chitopa si chifukwa, akabwereke dzira kwa anzake.

Nyimbo mpaka folo. Ana akuimba kuti dziko lonse ndi losangalala, awiri akomoka.

Gawo lachiwiri. Pamsonkhano wa ankhondo paimirira munthu wamba, wonyansa nkhope, wa miyendo ya matewe. Akunena zomwe zija: a Mfumu mwakhuta, ife tizipita kwathu. Uyu si katswiri, alibe agogo otchulidwa. Mkulu wina akumukwapula ndi ndodo kumsana, iye akukhala pansi misozi ili mbwembwembwe, gulu lonse likufa ndi phwete. Apa ndiye ndawazindikira Agiriki. Ndi anthu ngati ife.

Kenako mlembi wayamba kuitana rejisitala ya zombo. Uje wa kwa uje, mwana wa uje, zombo zakuti. Winanso uje wa kwa uje. Masamba ndi masamba, wojomba palibe. Ine rejisitala ndimaitana m'mawa uliwonse, sindinadziwe kuti ndi ndakatulo. Ndaika khadi langa la chipani pa tsamba 61 kuti ndipumitse maso pang'ono. Ndadzidzimuka mango atandigwera pamimba, dzuwa litapendeka.

Amake Joyisi andituma matemba kumsika. Pachipata pali anyamata a chipani, malaya ofiira, chingwe atachikoka. "Khadi, aphunzitsi." M'thumba mulibe. Khadi latsala ndi Agiriki. Wondifunsayo ndinamuphunzitsa ine Sitandade 5 zaka zitatu zotsatizana, ndipo khadi langa analiona Loweruka lapitali. "Loweruka ndi Loweruka, lero ndi lero," akutero. Ndiye kuti china chake anaphunzira.

Ndabwerera chimanjamanja. Amake Joyisi ayang'ana manja anga, ayang'ana buku. "Ndiye tidyera Agirikiwo?"

Chigamulo: kuyambira mawa buku ndi khadi lake ziyenda nane kulikonse.

Magawo owerengedwa: limodzi ndi theka.

LACHINAYI

Otsala: 22 ndi theka. Masiku: awiri. Masamu ndimaphunzitsa ndine, tanthauzo lake ndikulidziwa.

Nzeru yandifikira ndikusamba. A Insipekita anati mphindi khumi. Zimene ndawerengazi zikhoza kukwana mphindi khumi ndikamayankhula mwamphamvu ndi kuponya manja. Chofunika n'kuyeserera basi. Omvera alipo kale, 58, ndipo sangathawe.

Nthawi ya jogalafe. Kalasi likununkha mazira. Ana atopa ndi nyimbo, ena agoneka mitu pamadesiki. Ndikuika choko pansi n'kunena kuti lero tipita kwa Agiriki.

Ndikuwasimbira m'Chinyanja chathu chomwechi. Nyanja, zombo, mpanda wautali, zaka naini. Ndikukhala a Mfumu, mimba kutsogolo, manja otambasula kulandira mphatso. Ndikukhala a Nyanyalani, rula m'manja ngati lupanga: inu adyera, anthu anu akuonda inu mukunenepa! Ndikukhala munthu wa matewe uja, kuyenda kwake ndi komwe. Mitu yadzuka yonse. Zaka 14 ndikuphunzitsa, kalasi silinakhalepo chete chonchi popanda chikwapu. Ndikusangalala, ndinene zoona. Ndikumva ngati ndine mphunzitsi. Nyumba ya malata ndikuiona ndi maso.

Dzanja ladzuka kutsogolo. Ndi Esinati, mwana wa a Tcheyamani, wanzeru kuposa kalasi lonse.

"Aphunzitsi, mfumuyo inkalandiranso mazira?"

Kalasi laseka. Nanenso ndaseka, chitsiru ine. Ndikuti ayi, iyo inkalandira ng'ombe. Mawu atatuluka ndakumbukira ng'ombe ziwiri zimene zamangidwa kuseri kwa ofesi ya chipani kudikira Loweruka.

Dzanja lomwelo. "Nanga munthu wa matewe uja, atatha kumumenya, anadzamutenga pa galimoto?"

Palibe waseka. Ana 58 akundiyang'ana, ena akuyang'ana pawindo, kunyumba yokhoma ija. Mwanayo sakufuna kundikola. Akungofuna kudziwa mmene nkhani zotere zimathera, poti kwathu kuno amadziwa mathero amodzi.

Ndikuti nthawi imeneyo kunalibe magalimoto. Ndawatulutsa belu lisanalire.

Masana sindinawerenge. Ndatsegula buku, zilembo zikuyenda ngati nyerere. Ndikudziuza kuti ana amaiwala. Chaka chonse ndawaphunzitsa mitsinje ya dziko lino ndipo sakumbukira ndi umodzi womwe.

Magawo owerengedwa: limodzi ndi theka, omwe aja.

LACHISANU

Ana saiwala. Nkhani yagona m'nyumba 58 ndipo yadzuka itanenepa. Kumpopi akuti ndinanena kuti mazira amathera m'mimba mwa munthu mmodzi. Kusiteshoni akuti ndinavina kalasi lonse likuona. Kuvinako n'zoona.

Zizindikiro:
Telala wa pagolosale, amene amandipatsa moni ndili kutsidya kwa msewu, lero akufunafuna singano pansi.
Anzanga a bawo asamutsa bawo.
A Likoswe andifunsa ngati ndagona bwino, n'kundipatsa theka la chinangwa chawo. Apa ndiye ndaopa zenizeni.

Leveni koloko kwabwera kapepala kochokera kwa a Tcheyamani, amenenso ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Mzere umodzi: mawa pobwera ku komiti mubwere ndi bukulo.

Njira zimene zilipo:
Kuliwotcha. Adzati ndimabisa chiyani.
Kuliponya m'chimbudzi. Chimodzimodzi, kuphatikiza kulivuula.
Kunena kuti nkhaniyo ndinaipeka ndekha. Ndiye kuti mlembi wapezeka, ndipo amakhala ku Lirangwe.
Kupeza tsamba limene a Mfumu akuchita chabwino, n'kukaliwerenga mokweza.

Ndasankha yomalizayi. Nyimbo zitatha ndikuvundukula masamba uku ndi uku, khadi osalisuntha. Paliponse pamene ndatsegula mkondo ukulowa munthu, ndipo mlembi akutchula polowera, potulukira, ndi dzina la bambo ake a wolasidwayo. Pena milungu ikunamizana. Pena ng'ombe. A Mfumu ochita chabwino sindinawapeze.

Dzira limodzi laphulika lokha m'dengu nthawi ya nyimbo. Ana athawira panja akuimbabe.

Kunyumba amake Joyisi sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndawapeza akulongedza kathumba: bulangete, sopo, malaya anga akale, mtedza wokazinga. "Akazi a Nakoma ankati chimene chinawapweteka n'choti amuna awo anapita opanda chofunda," akutero osandiyang'ana. Kenako, "Inu abambo ake Joyisi, pakamwa panupa. Munthu mumakhala bwanji ndi pakamwa potere?"

Ndikuopa. Lolemba ndimafuna malata. Lero denga lathu lobookali ndikuliona lokongola, ndipo ndikufuna kudzagonanso pansi pake mawa.

Kope ili ndilisomeka mu udzu wa denga, pamene pakadali udzu.

LOWERUKA

Ndalitsomola kope. Ndiye kuti ndilipo.

Faifi koloko m'mawa, lole ya chipani. Ana pansi, amayi ovina pakati, ine pangodya, dengu la mazira pamiyendo, buku m'khwapa. Msewu wa ku Chileka uli ndi mabampu amene sindinkawadziwa. Buluku langa la ukwati lalandira mphatso mwa magawo.

Sikisi koloko tili pamzere. Seveni, nyimbo. Naini, nyimbo zomwezo. Leveni, ndege yatera, tonse m'manja, mwatuluka azungu awiri ndi matumba a makalata. Wani koloko ndiye yeniyeni. Ng'oma, nthungululu, fumbi. Ine ndaona khosi la wapolisi amene anaima patsogolo panga, lili ndi chipsera kumanzere. Dengu ndapereka kwa munthu wina wa jekete amene analiponya m'galimoto osayang'anamo. Mlandu wa mazira wathera pomwepo.

Folo koloko, kalasi la Sitandade 8. Kutsogolo a Tcheyamani ndi a Insipekita. Pambali makolo atatu a komiti amene pakamwa anasiya kunyumba. A Likoswe akulemba zokambirana. Buku lili patebulo, aliyense wakhala patali nalo ngati lili ndi mphere.

"Mfumu imene mukuphunzitsa ana athuyi ndi iti?" akufunsa a Tcheyamani. Ndikuti ya Agiriki. "Imalandira mphatso?" Ndikuti pang'ono. "Ndiye mumafuna kunena chani?" Akuti buku lipite kuboma pamodzi ndi mwini wake, akaliwerenge odziwa.

A Insipekita thukuta lili kamukamu. Akumbukira kuti wopempha mphindi khumi zija anali iwo, ndipo kuboma amafunsa mafunso ambiri. Akuyankhula motsitsa. "A Tcheyamani, mabuku a Agirikiwa si omwe aja Eni Dziko amawatama pa wailesi? Tikalembe kuti amatama buku loipa? Pansi pake asayine ndani?"

Khoswe wakhala pamkhate.

"Buku ndi labwino," akutero a Tcheyamani mwachangu. "Labwino kwambiri." A Insipekita akuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo atatu akugwedeza mitu. A Likoswe alemba. M'chipindamo mulibe amene analitsegulapo kupatula ine.

"Tsono ngati buku ndi labwino, zoipazo zachokera kuti?"

Maso onse kwa ine. Zikachokera m'mutu mwanga, galimoto. Pakamwa panga, pamene pamatseguka pokha, lero pakana.

A Likoswe akutsokomola. "Mnzangayu Chingerezi chimamuvuta, a Tcheyamani. Tinali limodzi ku koleji. Sanamalizepo buku chibadwire. Sanamve zimene amawerengazo." Chibadwire sindinakondepo chipongwe ngati chimenechi.

A Tcheyamani akufuna umboni, ndipo mwa chizolowezi akuyamba ndi khadi. Ndikuti lili m'bukumo. Akulitsegula ndi nsonga ya chala. Tsamba loyamba ladutsa, phala lija lagwira, Mulungu adalitse phala. Khadi lili pa 61. Kumbuyo kwake kwatsala njerwa yonse.

"Makumi anayi oyambawo ndi a pulofesa," akutero a Insipekita atasuzumira. "Masamba 21. Munati kawiri."

"Khadi la chipani silinama," akutero a Tcheyamani.

Ndaimirira ndipo ndanena zitatu, a Likoswe akulemba:
Bukuli sindinaliwerenge.
Pamene ndinawerenga sindinamve, Chingerezi changa n'chochepa.
Mfumu ya Agiriki inali yopatsa, yokonda anthu ake.

Akhutira onse. Andilangiza kuti ndizilimbikira sukulu. Kusankha hedimasitala kwatenga mphindi imodzi, poti munthu wosamva Chingerezi sangayendetse sukulu. Makiyi a Likoswe anali nawo kale m'thumba.

Panja amake Joyisi akudikira pansi pa mango, kathumba kali pamutu. Atandiona ndikutuluka ndi miyendo yanga akhala pansi n'kulira pang'ono. Kenako apukuta maso ndi chitenje. "Udzu mukaupeza kuti mwezi uno?"

LAMULUNGU

Zotsatira za sabata:
Nyumba ya malata, a Likoswe.
Buluku la ukwati, lanyikidwa.
Dzina latsopano kumsika, a Kawiri.
Ine, ndilipo.

Kutchalitchi telala wandipatsa moni. Anzanga a bawo abweza bawo. Munthu wosamva Chingerezi alibe vuto ndi aliyense. Udzu kulibe, tchire linapsa mwezi watha. Ndapeza mitolo iwiri yakale kwa mlamu wanga, ndipo amake Joyisi andipatsa chingwe choyezera mawindo chija kuti ndimangire. Mitambo yakuda yaunjikana cha ku Chileka.

Masana ndatenga buku kuti ndichotse khadi, bukulo ndikalibweze m'kabati. Latseguka lokha chakumapeto, pamene pali tsamba louma la bulugamu. Gawo lomaliza. M'mphepete muli mzere wa pensulo, wopendekeka. A Nakoma anafika mpaka apa.

Palibe wondifunsa tsopano, ndiye ndawerenga. Mfumu ya mumpanda muja ndi nkhalamba. Mwana wake waphedwa ndi a Nyanyalani, ndipo mtembo akuukaniza. Nkhalambayo ikulongedza mphatso pangolo, ikupita yokha kumsasa wa adani, ikugwada kwa munthu amene anapha mwana wake, ikupempha kuti aipatse mwanayo ikamuike. A Nyanyalani akukumbukira bambo awo. Akulira onse awiri. Akumusambitsa mwanayo, akumufunditsa nsalu, akumukweza pangolo. Nkhalamba ikubwerera kwawo ndi mwana wake.

Dikishonale sindinaitsegule ndi kamodzi komwe. Ndamva liwu lililonse.

Belu la njinga. A Nakoma aakulu akuchokera kwa a Tcheyamani, kaliyala yopanda kanthu. "Akuti atopa ndi zadzulo. Ndibwere sabata yamawa."

Lero buku sindinalikhalire. Ndamatula pepala la patsamba loyamba, phala likuyoyoka, ndawaonetsa. Kuwerenga sadziwa, koma ayang'ana nthawi yaitali, akusisita inkiyo ndi chala. "Ili ndi dzanja lake." Ndikuti buku ndi la mwana wawo, alitenge.

"Muli nkhani yanji m'menemu, aphunzitsi?"

Ndatsegula pakamwa. Nkhani yonse ili pa lilime. Kutsidya kwa bwalo a Likoswe aima pakhonde la nyumba yawo yatsopano, manja ali kumbuyo, akuyang'ana kuno.

"Chingerezi changa n'chochepa, abambo."

"Palibe kanthu," akutero mkuluyo. "Akabwera adzandiwerengera yekha."

Alimanga pakaliyala ndi luzi la nkhuku lija, alikuta ndi jekete lawo kuopa mvula, awoloka njanji akukankha njinga. Dzulo mawu a Chingerezi chochepa aja anandipulumutsa. Lero andiwawa kuposa nyumba.

Magawo owerengedwa: awiri ndi theka. Madontho ayamba. Ndikupita kukatchera mabeseni.